Munthu Amene Anaoneka pa Windo la Sitima Yamalasha

Ine, wojambula zithunzi amene anthu amangonditcha Sekererani, wa zaka 41, wokhala kuseri kwa siteshoni yakale, ndikunena izi.

Lachinayi m'mawa ndinapita kunyumba yosungiramo zinthu zakale kukajambula mutu wa sitima yamalasha. Chipindacho n'chopanikiza. Ukati ubwerere m'mbuyo kuti sitima yonse ikwane, msana wagunda kale khoma. Sitimayo ndi yakuda bii, magetsi ndi ofooka, ndipo fulashi ya kamera amaletsa, ngati kuti chitsulo chingachite khungu. Choncho ndimaimika kamera pa miyendo yake itatu n'kuisiya yotsegula kwa kanthawi ndithu. Ukatero, munthu woyenda saoneka pachithunzi. Amaoneka yekhayo amene waima chilili, osaphethira n'komwe.

Mlonda wa pamalopo anandiuza kuti a Fosholo, mkulu wopukuta sitimayo, amene kale ankathira malasha m'ng'anjo yake, anasowa Lolemba, ndipo mwana wawo wamkazi akuwafunafuna. Anati, "Achimwene, muijambule choncho, yosasamba. Mwamuna wake wathawa."

Ndisanayambe, tonse awiri tinasuzumira mokhala dalaivala. Munalibe munthu. Kamera ili yotsegula, mlondayo anadutsa kutsogolo kwake n'kupepesa. Ndinamuuza kuti asadandaule, kamera yanga siona anthu olimbikira ntchito.

Pachithunzi mlonda panalibedi. Pa windo la dalaivala panali a Fosholo, atavala malaya obiriwira, makwinya onse akuoneka bwinobwino, maso ali kutsogolo. Tinasuzumiranso: mulibe. Ndinajambula kachiwiri. Anali pomwepo, koma nkhope itatembenukira kwa ine.

Mlonda anasiya nthabwala. Ndinagwira m'mbali mwa sitimayo. Munali mofunda. Dzuwa silifika m'chipindamo.

Ndinapempha abwana a pamalopo kuti atsegule chitseko cha ng'anjo. Anati chinawotcheredwa kalekale, ndipo anandifunsa chimene ndinamwa m'mawawo.

Masana mwana wa a Fosholo anabwera. Anayang'anitsitsa zithunzi ziwirizo nthawi yaitali, kenako anati, "Ababa ndi omwewa. Koma malayawa ndinachapa ndine. Akadali pachingwe kunyumba."

Kamera ndaisiya m'manja mwa apolisi. Ndikupempha kuti ng'anjoyo itsegulidwe lero, ngakhale ndi nyundo. M'kameramo muli chithunzi chachitatu chimene ndinajambula tisanatuluke m'chipindamo. Chimenecho sindinachiyang'ane.

Zomwe ndikudziwa zathera pamenepa.

Siginecha ya mboni: ____________________