Juzi ya Alinane

M'mawa wina wa chiperoni, pa kaunjika mumsika wa Ndirande, mayi Idah ankasankha majuzi obooka okhaokha. Mtsikana wina wosamudziwa, amene ankasankha nawo pamulu womwewo, analephera kuugwira mtima.

"Mayi, imeneyo yang'ambika m'khwapa. Yabwino si iyi?"

"Yabwino ndi yodula, mwanawe. Ine ndikufuna ulusi wokha. Ndikafika kunyumba ndiimasula yonse, ulusiwo ndiuchapa, kenako ndiyamba kuluka."

"Osagula wam'sitolo bwanji?"

"Chibwerere matipate, wam'sitolo ndimangouonera pagalasi. Ngakhale zolukira zanga ndi masipoko a njinga."

"Ndiye mumagulitsa?"

"Ayi. Ndimaluka juzi imodzi yomweyo, ya mdzukulu wanga Alinane. Mayi ake atatisiya, bambo ake anabwerera naye kwawo ku Mozambiki, poti nkhondo inali itatha. Anali asanayambe n'kuyenda komwe."

"Simunamuonenso?"

"Ngakhale chithunzi. Ndiye Juni akafika ndimaimasula, n'kuwonjezera ulusi kuti ikule. Ndimayezera pa ana a eni kutchalitchi. Amayesa ndikuwasisita pamsana, pomwe ine ndikuyeza mapewa."

"Nanga ndi yamtundu wanji, poti majuzi ake ndi osiyanasiyana?"

"Chaka chilichonse chili ndi mtundu wake. Ulusi wofiira ndi wa chaka chimene anachoka."

"Koma anthu amapita ku Milanje, ku Mozambiki komweko, tsiku ndi tsiku. Osawapatsira bwanji?"

Mayi Idah anapinda juzi yobooka ija mosamala n'kuiponya m'jumbo.

"Ndikaitumiza, mwanawe, Juni winayo ndidzamasula chiyani?"