Mayi Nelia Daka, Amene Anadwazika Munthu Wosadwala

Amene tikuwaperekeza lero ndi Mayi Nelia Daka, mwana wa a Njobvu. Anabadwa mu 1943 ku Katete, ali mapasa ndi alongo awo a McDonald, amene anatsogola kubadwa ndipo sanalekepo kukumbutsa anthu za ukulu wawowo.

Anabwera ku Kitwe ali ndi zaka zisanu, bambo awo atalembedwa ntchito kumgodi. Sukulu analekezera Sitandade 4, chaka chimene bambowo anagwa panjinga popita kuntchito, osadzukanso. Mu 1962 anamanga ukwati woyera ndi malemu Bambo Cyril Daka, kalaliki wa kunjanji, nakhazikika ku Buchi, komweko ku Kitwe. Pamsika wa kumeneko anagulitsa kapenta ndi nyemba zaka makumi atatu. Kumpingo anali a gulu la Anna Woyera, ndipo kukwaya ankaimba mokweza kuposa mmene woimbitsa ankafunira.

Alongo awo ena awiri anapita monga bambo awo. A Solomon anagwa m'bwalo la mpira, a Jethro pamzere wogula ufa. Dokotala wa kumgodi anati mnofu wa mtima wawo umakhuthala, ndipo matendawa ndi akumtundu. Anaitana amuna onse a m'banjamo kukapimidwa. Akazi sanaitanidwe. A McDonald anaopa kupita, koma anagamula okha kuti otsatira ndi iwo.

Mu 1994, migodi itayamba kuchotsa anthu ntchito, a McDonald anasamukira kwa malemu Mayi Nelia ndi mpando wawo wandalema, n'kulengeza kuti Khirisimasi sadzaiona. Aona Khirisimasi zisanu ndi ziwiri. Nthawi yonseyi malemu ankawatungira madzi osamba, kuwaphikira ndiwo zopanda mchere, ndi kuletsa zidzukulu kuseka pafupi nawo. Katatu konse anathamangira kukaitana ansembe kuti adzawadzoze. Ulendo wachitatu ansembe anapeza wodwalayo akupukusa mwendo wa nkhuku, ndipo anapempha kuti wina asadzawaitanenso.

M'zaka zomwezo malemu anayamba kubanika ndi kutupa miyendo. Kukiliniki anawauza kuti ndi kunenepa, kenaka anati ndi maganizo a azimayi. A McDonald nawo ankadandaula kuti kupuma kwawoko kukusokoneza tulo ta wodwala.

Mu February chaka chino cha 2001 malemu anaperekeza alongo awo kuchipatala ku Ndola, atawasenzera chikwama. Dokotala, mayi wachitsikana ndithu, anaunika a McDonald ndi makina napeza mtima wangwiro ngati wa mnyamata wokankha ngolo. Kenaka anamva kapumidwe ka wosenza chikwama uja, n'kuwagoneka pabedi lomwelo. Anafotokoza kuti mwana wamkazi amatengera matendawa chimodzimodzi ndi wamwamuna, kungoti mwa akazi kawirikawiri amaonekera mochedwa, n'kudzapezeka atafika kale patali. Malemu sanalire. Anatembenukira alongo awo n'kunena kuti, "Mawa madzi mukatunga ndinu."

Ndipo anakatungadi. Miyezi inayi yotsiriza malemu anakhala pampando uja, a McDonald akusesa, kuchapa ndi kupsereza nyemba. Malemu ankadya zopserera zomwezo osasiyako, akuti aka kanali koyamba kudya chophika mwamuna. Anatisiya Lachinayi masana, pa 14 June, alongo awo akuwasisita mapazi. Bokosi limene agonamoli ndi limene a McDonald anadzikhomeretsa kalekale. Alipereka okha, misozi ili chuchuchu, atangochotsamo mabulangete awo.

Malemu asiya ana aakazi atatu, a Leah, a Lillian ndi a Charlotte, mwana wamwamuna mmodzi, a Brighton, ndi zidzukulu khumi ndi chimodzi. Onsewa Lolemba likubwerali apita kukapimidwa mtima, aakazi patsogolo, pakuti ndi mmene malemu analamulira. Asiyanso alongo awo a McDonald, amene dokotala akuti tiwazolowere, tikhala nawo nthawi yaitali.

Mayi Nelia anapuma movutika zaka zambiri, ife osamva. Tsopano apumule mu mtendere.