Thadzi lomwe ndinabereka kumbuyo

Omvera anzanga, ndine mayi wa ku Golomoti, ndipo nkhani yanga ndi ya nkhuku.

Thadzi langa lokhalo, lomwe anandisiyira malemu mayi anga, linadzuka tsiku lina miyendo itafooka, likulephera kuyenda. Amuna anga anayamba kunola mpeni.

"Tidyeretu lisanafe lokha," anatero.

Ndinakanitsitsa. Ndinalibereka kumbuyo m'chitenje, n'kukwera kabaza kupita kwa alangizi a ziweto ku Mtakataka. Nditangotsika pamsika, mayi wina wogulitsa tomato anandiyandikira nkhope ili yachisoni.

"Pepani amayi, mwanayu wadwala chiyani? Chipatalatu mwachipitirira, chili ku Mua."

Anavundukula chitenje kuti amuone. Mwana uja anatulutsa mlomo, n'kulira kuti kweee! Anthu pamsikapo anafa nalo phwete.

Alangizi anati sichinali chitopa, koma kuperewera kwa zakudya. Ndinkalipatsa madeya osakaniza ndi usipa wosinja, madzi ndikulimwetsa ndi supuni. Tsiku lomwe linaimirira, ndinaimba nthungululu mpaka oyandikana nawo anathamangira kudzaona.

Lero lili ndi anapiye. Ndikafika pamsika, mayi uja amafuula kuti, "Agogo, zidzukulu zadzuka bwanji?"

Amuna anga, onola mpeni aja, ndiwo akumakhalira kuthamangitsa akabawi.