Ankathawa Poona Miyendo ya Anzawo

Malemu anabadwa pa 3 Malichi 1921 ku Kadewere. Dzina lawo a Benedicto Nakhumwa. Ine ndikuwerengane ndine Simoni, mwana wa mlongo wawo.

Sukulu analekeza Sitandade 2 ku mishoni. Mu 1943 anakwatitsa ukwati ku tchalitchi ndi mayi Anjelina, nakhala alimi a chimanga ndi nandolo.

Mu 1951 analembedwa ntchito ndi azungu ofunafuna malasha kuchigwa cha Chikwawa. Azunguwo sakumba kaye ayi. Amaboola dzenje, kuikamo bomba, n'kuzika m'nthaka tizitsulo ta mawaya timene antchito amati makutu. Bomba likaphulika, makutuwo amamva kugunda kwa pansi, makina n'kuonetsa pamene pagona malasha. Ntchito ya malemu inali yotsitsa bomba m'dzenje. Wezulo ikalira, aliyense amathawa.

Pofika 1953 makutu a malemu anali atagontha ndi kuphulikako. Anabisa, poopa kuchotsedwa ntchito. Wezulo sankaimvanso. Ankangoyang'ana miyendo ya anzawo: ikayamba liwiro, nawonso liwiro. Kapitawo ankadziwa, ndipo ankachita kuseka. Akuluakulu anandiuza kuti izi ndisazitchule pamaliro, koma ndazitchula. Makutu achitsulo amawapukuta madzulo alionse n'kuwagoneka m'bokosi. Makutu a munthu anawafunsa ndani?

Pa 9 Okutobala 1955 anawatuma okha ku dzenje la m'tsekera, udzu wobisa munthu. Kunalibe mwendo woti auone. Bomba litaphulika anawatola akupuma, ndipo anagonekedwa kuchipatala mpaka pa 20 Okutobala, pamene Ambuye anawaitana.

Malemu asiya mayi Anjelina, ana atatu, Helena, Gladson ndi Yunis, komanso mng'ono wawo a Vitalis, amene apatsidwa ntchito yomweyo ya bomba ndipo akuyembekezeka kubwerera kuchigwako pa lole ya azungu Lolemba. A Vitalis ndi awo akhala pafupi ndi bokosiwo. Abale anga, mwaona nokha: ndatchula dzina lawo mokweza, iwo sanadzutse mutu. Ine ndili ndi mantha. Eni mbumba, musawalole kukwera lole imeneyo.

Tikuthokoza mafumu, adzukulu, amayi a mpingo amene agona pano, ndi anzawo a kuntchito amene anawanyamula pamachira kuwatulutsa m'tchire.

Atsibweni, gonani. Kumene mwapitako kulibe chothawa. Mzimu wanu uuse mumtendere.