Ndinakwera Denga Tsiku la Maliro

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene wandiimika pamaso panu lero, ngakhale mwendo umodzi tsopano ndi waufupi kuposa unzake. Ulemerero ukhale kwa Iye.

Ine ndine kalipentala, wokhoma madenga. Ntchitoyi anandiphunzitsa a Khamula, bambo achikulire a konkuno ku Chiringa. Iwo anali ndi malamulo awo osasintha. Makwerero azimangidwa kumtunda, wina aziwagwira pansi. Chingwe m'chiuno, nsonga inayo pa mtanda wolimba. Poyenda pa malata uziponda pamzere wa misomali, chifukwa kunsi kwake ndi kumene kuli thabwa. Mame asanaume, osakwera. Ndipo lalikulu pa onse linali lakuti munthu sakwera denga ali yekha.

Nditaidziwa ntchito, malamulowo ndinayamba kuwaona ngati mantha a ukalamba. Tsiku lina atandidzudzula, ndinawayankha pagulu kuti, "Madala, chingwe amamangira mbuzi. Ine ndine munthu." Anthu anaseka. Iwo anangopinda chingwe chawo n'kunena kuti, "Chabwino, amisiri." Kuyambira pamenepo sitinagwirenso ntchito limodzi.

Anzanga enanso ndinakangana nawo mmodzimmodzi mpaka anatha. Sindinadandaule. Masana ndinkadyera chinangwa changa padenga pomwepo, maso ali ku phiri la Michesi, anthu akudutsa pansi pa njinga zawo. Kutchalitchi ndinasiya. Kumaliro ndinasiya. Madzulo ndinkabwerera kuchipinda changa, wondifunsa kuti ndaswera bwanji panalibe. Ndinkati ndi ufulu. Unali umphawi wa mtima.

Ndiye kunagwa maliro m'mudzi, a mayi ena achikulire. Mwambo mukuudziwa: tsiku loika maliro khasu limagona, hamala siimveka. Koma ine ndinali ndi denga lodontha la shedi yosungiramo nandolo, kumapeto kwa mudzi. Ndinati mumtima, lero ndigwira popanda wondisokoneza. Sindinauze munthu aliyense.

Padengapo panali lata limodzi la pulasitiki, la aja olowetsa kuwala. Fumbi linali litalikwirira moti linkaoneka ngati anzake. Ndikanatsata misomali sindikanaliponda. Koma ndinadutsa pakati, hamala kumanja, mluzu pakamwa.

Ndinangomva kuti phwa!

Nditatsitsimuka ndinali pa simenti, m'kati mwa shedi yokiyidwa kunja. Mwendo unali utapindikira kosayenera. Chiuno chinali ngati moto. Ndinakuwa mpaka mawu anasasa.

Abale anga, chimene chinandipweteka kwambiri si fupa ayi. Chapatali ndinkamva nyimbo za maliro. Mudzi wonse unali ukuperekeza munthu wakufa, ndipo ine wamoyo panalibe wondifuna. Nyimbozo zinanka zichepa polowera kumanda, kenako zii.

Ndinagona pamenepo ndikuyang'ana kuwala kolowera pabowo ndinagwerapo. Kunachoka pamutu panga, kunafika pachifuwa, kunapita kukhoma. Ndinayamba kufufuza mumtima amene angaone kuti lero sindinabwerere. Ndinayendayenda m'mudzi monse ndi maganizo, khomo ndi khomo. Sindinapeze ndi mmodzi yemwe.

Pamenepo ndinakumbukira zimene tinkamva ku Sande sukulu, kuti ali ndi tsoka munthu wogwa popanda womudzutsa. Ndinalira ngati mwana. Pemphero langa linali lalifupi: Ambuye, ndadzikweza ndekha, ndagwa ndekha. Musandisiye ndife ndekha.

Dzuwa litapendeka ndinamva makwerero akugwedezeka kunja. Panapita nthawi ndithu. Kenako pabowo paja panasuzumira mutu wa imvi.

"Amisiri, muli moyo?"

Anali a Khamula. Pochokera kumanda anaona makwerero atatsamira khoma, osamanga, opanda wogwira, padenga pali zii. Akuti sanafunse n'komwe kuti mwini wake ndani. Ndipo kuchedwa kuja, anali akudikira mnzawo woti awagwirire makwerero, iwo n'kuwamanga kumtunda. Ngakhale pothamangira kupulumutsa munthu sanaphwanye lamulo, poopa kuti ovulala angakhale awiri.

Anthu omwe aja ndinakana kukhala nawo pamaliro ndi amene anathyola loko, fumbi la kumanda likadali kumapazi. Anandinyamula pa chitseko.

Kuchipatala ndinakhala nthawi yaitali. Odwala anzanga ankayenderedwa ndi abale awo, bedi langa lokha linkakhala lopanda mlendo. A Khamula okha ndiwo ankabwera pa njinga Loweruka lililonse. Sankalankhula zambiri. Tsiku lina ndinawagwira dzanja ndi kuwapepesa. Anati, "Ine ndinakhululuka kalekale, mwanawe. Watsala ndi Mwini moyo." Tsiku lomwelo, ndili chigonere, ndinapereka moyo wanga kwa Yesu.

Padenga sindidzakweranso, madokotala anandiuza mosabisa. Masiku ena ndikamva hamala m'mwamba mtima umawawa, sindinama. Ntchito yanga tsopano ndi ya pansi. Ndimadula matabwa, ndimapatsira malata, ndimagwira makwerero. Ntchito imene ndinkainyoza ija ndiyo Ambuye andipatsa, ndipo ndimaigwira ndi manja awiri.

Inu amene mumakwera madenga, mitengo, ngakhale nkhokwe, musamuyese Mulungu. Chikhulupiriro sichikuletsani kumanga chingwe. Onani pomwe mukuponda, ndipo wina adziwe kuti muli m'mwamba. Inunso amene mwadzipatula, amene mukudya nokha ndi kugona ndi mkwiyo, tsikani mukadali ndi miyendo yanu. Yesu akulandira anthu lero lomwe. Musadikire simenti.

Ambuye akusungeni pokwera ndi potsika. Alimbitse pamene phazi lanu laponda, akupatseni mnansi wokufunani mukasowa, ndipo akubwezereni kwa ana anu madzulo muli amphumphu. Ameni.