Thobwa Lopanda Shuga Lomwe Linkadwalitsa Amuna Anga

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndili ndi kagolosale pa Neno boma, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za matenda a shuga a amuna anga.

Atawapeza ndi matendawa kuchipatala, ndinachotsa shuga m'nyumba. Tiyi ankamwa wosathira kanthu. M'phala ndinkangodontheza uchi, masana n'kuwapatsa thobwa lophika ndekha, la chimera chokhachokha. Nyengo ya manachesi ndinkawafinyira kapu yodzaza. Poti chakudya chinkawakanika, pa ndiwo ndinkathira tomato sosi wa m'botolo, wa m'golosale mwanga momwe.

Koma akapita kukayezetsa, shuga ankapezeka wokwerabe. Kenako anapunthwa kumunda, chala chakuphazi chinachita bala, balalo osapola. Adokotala anati likapitirira choncho adzadula phazi. Amuna anga anataya mtima, anayamba kukana kudya, akuti bola kufa ndi miyendo yonse. Ine mawu opempherera anandithera. Ndinkangoti Mulungu andionetse pamene pakulakwika.

Tsiku lina kunabwera mayi Nambewe a ku Midzemba, omwe amandibweretsera nyemba zogulitsa. Ndinawatungira thobwa lija. Atalawa anabweza kapu, akuti nawonso ndi a shuga. Ndinawatsimikizira kuti sindinathiremo shuga.

"Nanga kuzunaku kwachokera kuti, mayi?" anandifunsa. "Chimera chimasandutsa ufa kukhala shuga. Thupi silisankha kuti uyu ndi wa m'paketi, uyu ndi wa mumphika."

Tinakhala pakhonde, ine n'kuwafotokozera zonse zomwe ndinkaphika. Uchi, madzi a manachesi, sosi uja, zonse anapukusa nazo mutu. Anati amuna anga nachesi azidya limodzi lokha, losafinya, ndiwo ndizithira matimati akudimba ndi nsinjiro, ufa ukhale mgaiwa. Nditakafunsa anamwino anavomereza, n'kuwonjezera kuti mankhwala asasiye.

Ndinasintha kaphikidwe. Shuga anayamba kutsika, bala linauma pang'onopang'ono. Chala chija anachidula ndithu, koma phazi lilipo. Lamulungu amuna anga amavala nsapato zonse ziwiri n'kuyenda okha kupita kutchalitchi.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera mwa mayi Nambewe, pa kapu ya thobwa yomwe anaikana. Inu amene mukudwazika munthu wa shuga, musatope. Pempherani, pitani naye kuchipatala, ndipo chilichonse chozuna pa lilime mufunse kaye musanamupatse.