Tsiku Limene Denga la Amai Linazima

Zaka zija ndeke za nkhondo zinali kubwera kuchokera kutsidya kwa Zambezi, imwe ana, denga lowala linali mlandu. Lelo mukaima ku Chalimbana muona malata ofiira na obiriwira mpaka maso kuwawa, koma nthawi ija nyumba ya malata m'mudzi mwathu inali imodzi chabe, ya amai, ndipo amene anawagulira ni mlongo wanga Yotamu atangolowa usilikali.

Yotamu anamuika pa phiri lija la kum'mwera, kumene asilikali anakumba maenje na kubisa mfuti zikuluzikulu zolasira ndeke. Sanali kuloledwa kutsika, koma anatumiza mau kuti dzuwa likafika pamutu amaona denga lathu likung'anima, ndipo mtima wake umakhala pansi.

Ndiye kunabwera lamulo lakuti malata onse amatidwe matope, ndeke zingaone mudzi. Amai anakana, ndipo amai anga aja akakana, ngakhale ng'ombe ziwiri sizikanawakoka. Ba Lungu, a nyumba yoyandikana na yathu, anabwera tiana tawo tili pambuyo.

"Amake Yotamu, mufuna tife tonse chifukwa cha denga?"

"Nanga mwana wanga azaona chani?" amai anayankha.

Koma anayang'ana tiana tuja nthawi yaitali, kenaka ananiuza kuti nibweretse makwerero. Anakwera okha, ine nikuwapatsira matope m'beseni, ndipo anamata denga lonse akulira.

Mawa lake masana tinangoona msilikali akuthamanga m'munda, chimanga chikuthyoka. Yotamu! Denga litazima anaganiza kuti atiphulitsa, ndipo anathawa pa phiri osapempha. Anagwira amai, anagwira ine, kuseka komweko, kulira komweko.

"Muli moyo! Amai, muli moyo!"

"Bwerera msanga iwe, angakumange!" amai anamukalipira.

Sanakhale na pansi pomwe. Anamwa madzi ali chiimire, n'kubwerera.

Kumeneko kunali kumuona komaliza, chifukwa nkhondo ija inamudyera komweko kumapiri, ndipo nimusowa mpaka lelo, ine nkhalamba yopanda mano. Imwe mumakwera minibasi kupita ku Lusaka tsiku na tsiku, koma mwezi umatha osakaonekera kwa amai anu. Muzipitako, ana anga, ndipo mukafika muzikhalako pansi. Amai anga anamwalira akunenabe kuti bola akanamusiya Yotamu amangidwe, m'malo momubweza ku phiri.